Nyumba Zakale Zotetezedwa: Zoyenela Kudziwa Tisanagwetse, Tisanasinthe Kapena Kudandaula

Mvula ikatha, makomiti a zomanga m'mipingo yathu amayamba kuyang'ana zipupa ndi mitenje. Ena afuna kukulitsa chalichi cifukwa anthu aculuka. Ena afuna kucotsa mawindo a matabwa n'kuikapo a aluminiyamu. Enanso aona kuti nyumba yakale ya abusa ingasanduke mashopu a lendi. Maganizo onsewa amacokela mu mtima wabwino. Koma nyumba ikakhala yakale, kapena ikakhala m'dela la mbili yakale, nchito yotele ingathele m'madandaulo, m'makalata oimitsa nchito, ngakhale kukhoti, ndipo ndalama za copeleka n'kupita pacabe.

Talemba nkhani ino kuti ikhale pofunsila pa akulu a mpingo, makomiti ndi Mkhristu aliyense amene ali ndi nyumba yakale kapena amakhala pafupi nayo. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: kukhala mwini wa nyumba yakale sikupatsa munthu ufulu woisintha mmene afunila. Cilolezo cimapemphedwa nchito isanayambe, cifukwa cipupa ca zaka 100 cikagwa, palibe khoti imene ingacibweze mmene cinalili.

Kodi dela la mbili yakale n'ciani?

Nthawi zina cimene cimatetezedwa ndi nyumba imodzi. Citsanzo ndi Chilenje House 394 ku Lusaka, mmene a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambila mu January 1960 mpaka mu December 1962. Nyumbayo ndi yaing'ono, yofanana ndi zina za mu komboni, koma zimene zinacitikilamo ndi zimene zinaipatsa ulemu.

Nthawi zina phindu silili m'nyumba imodzi koma m'nyumba zambili zoimila pamodzi: kutalika kwake kofanana, makhonde ake, mitenje yake, mitengo ya m'mbali mwa msewu. Citsanzo coonekela bwino kuno kwathu ndi Livingstone. Tauniyi inayamba mu 1905, caka cimene ulalo wa njanji pa Mosi-oa-Tunya unatha kumangidwa, anthu atasamuka ku Old Drift kumene malungo anali kupha ambili. Inakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambila mu 1911 mpaka mu 1935, pamene likulu linasamukila ku Lusaka. Kusamukako kunacepetsa zomangamanga, ndiye cifukwa cake nyumba zambili za nthawi imeneyo zikaliko mu Mosi-oa-Tunya Road ndi m'misewu yoyandikana nayo, pamodzi ndi chalichi ca St Andrew's ca ca m'ma 1910. M'dela lotele, munthu mmodzi akagwetsa khonde n'kuika cipupa ca magalasi, si nyumba yake yokha imene yasintha. Msewu wonse wasintha nkhope.

Nyumba zakale zilinso ku Kalomo, Mbala, Chipata, Kabwe ndi m'matauni ena. Ndipo mishoni yakale iliyonse ili ngati dela la mbili palokha, cifukwa chalichi, sukulu, cipatala, nyumba ya abusa, manda ndi mitengo ya mango zimafotokoza nkhani imodzi.

Malamulo awili amene amagwila nchito

Loyamba ndi National Heritage Conservation Commission Act, lamulo la mu 1989, limene ndi Caputala 173 ca malamulo a Zambia. Lamuloli linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene ambili amangolichula kuti NHCC. Gawo 33 la lamuloli limaletsa munthu aliyense kusintha, kucotsa, kuononga kapena kukumba colowa cakale popanda cilolezo colembedwa cocokela ku bungweli. Limaletsanso kusintha kapena kuipitsa malo amene analengezedwa kukhala cikumbutso ca dziko, ngakhale cikwangwani cimene bungweli linaikapo. Tione bwino mau akuti colembedwa. Kuvomela kwa pakamwa kwa wa mu ofesi, kapena kwa khansala amene anabwela ku mwambo woika mwala wa maziko, si cilolezo. Wophwanya lamuloli angalipilitsidwe faindi, angaikidwe m'ndende, kapena zonse ziwili.

Laciwili ndi Urban and Regional Planning Act, lamulo nambala 3 la mu 2015. Ili ndi limene limafuna kuti munthu apeze cilolezo ku khonsolo asanamange, asanakulitse nyumba kapena kusintha nchito imene nyumbayo imagwila. Limapatsanso mphamvu oyang'anila mapulani kupeleka kalata yolamula kuti nchito yosaloledwa iime, ikonzedwe kapena igwetsedwe.

Zilolezo ziwilizi n'zosiyana, ndipo cimodzi sicilowa m'malo mwa cinzake. Apa ndi pamene makomiti ambili amapunthwila. Amanyamula pulani yodindidwa ndi khonsolo n'kuganiza kuti zonse zatha, osadziwa kuti nyumba yao ifunikanso kalata ya NHCC.

N'cifukwa ciani caka ca 1924 n'cofunika?

Malinga ndi lamulo la mu 1989, nyumba, bwinja, malo olambilila, manda ndi zina zotele zimene zinamangidwa kapena kugwilitsidwa nchito tsiku la 1 January 1924 lisanafike zimawelengedwa kukhala colowa cakale. Caka cimeneci ndi cimene kampani ya British South Africa Company inaleka kulamulila dziko lino, boma la Britain n'kuyamba kulilamulila mwacindunji. Tanthauzo lake n'lakuti nyumba ingakhale yotetezedwa ngakhale palibe cikwangwani, palibe kalata, ndipo palibe amene anakuuzamponi. Zaka zake zokha n'zokwanila.

Nyumba zomangidwa pambuyo pa tsikulo zimatetezedwa ndi lamuloli ngati nduna, potsatila malangizo a NHCC, yazilengeza kukhala cikumbutso ca dziko. Nyumba ya ku Chilenje ija nayonso inatetezedwa mwa kulengezedwa kukhala cikumbutso ca dziko. Maiko ena ali ndi njila ina. Ku South Africa, lamulo la mu 1999 limafuna cilolezo posintha kapena kugwetsa nyumba iliyonse yopitilila zaka 60, conco caka ciliconse nyumba zina zimalowa m'gulu lotetezedwa. Kwathu tsiku n'lokhazikika. Izi zitanthauza kuti pali nyumba zambili zamtengo wapatali, za m'ma 1930 ndi m'ma 1950, zimene citetezo cake cacikulu ndi nzelu za eni ake.

Kodi nkhaniyi ikhudza bwanji mipingo?

M'maboma ambili a dziko lino, nyumba zakale kwambili ndi za mishoni. Sefula inayamba mu 1887, Mwenzo mu 1894, Magwero mu 1899, Mbereshi mu 1900, Madzimoyo mu 1903, Nyanje, Lubwa ndi Rusangu mu 1905, Macha mu 1906, ndipo Chitambo mu 1907. Chalichi ca Niamkolo pafupi ndi Mpulungu, cimene a London Missionary Society anamanga ndi miyala mu 1895 ndi 1896, ndi cimene cimadziwika kuti ndi chalichi ca miyala cakale kwambili cimene cikali ciimile mu Zambia. Cinasiyidwa mu 1908 cifukwa ca matenda a kaodzela, ndipo lelo ndi cikumbutso ca dziko.

Komabe caka cimene mishoni inayamba si caka cimene nyumba zake zonse zinamangidwa. Pa mishoni ya mu 1905 pangakhale chalichi ca m'ma 1930, nyumba yosungilamo katundu ya mu 1912, ndi manda akale kuposa zonsezo. Nthawi zambili cimene cili cakale kwambili ndi cimene cimaoneka cacabecabe: kanyumba ka belu, citsime, masitepe, kapena maziko obisika mu udzu. Conco nyumba iliyonse ifufuzidwe payokha.

Zimene anthu amadandaula nazo kawilikawili

Madandaulo ambili sakhala okhudza kugwetsa nyumba yonse. Amakhudza zosintha zing'onozing'ono zimene zimaunjikana mpaka nyumba yosazindikilika:

Kucotsa zitseko ndi mawindo a mukwa kapena mukusi n'kuikapo a aluminiyamu kapena acitsulo.

Kutseka khonde ndi mabuloko kuti pakhale cipinda cina kapena shopu.

Kumata pulasitala ya sementi kapena matailosi pa nchelwa ndi miyala imene inali yoonekela.

Kusintha maonekedwe a mtenje, kapena kuonjezela nyumba yapamwamba.

Kupaka nyumba yonse penti yotsatsa malonda ndi kukhoma zikwangwani zikuluzikulu.

Kumanga mpanda wautali umene umabisa nyumba, kapena kumanga pamwamba pa manda akale.

Kugulitsa kapena kutaya belu, guwa, mabenchi ndi miyala yolembedwa maina.

Palinso dandaulo lina lopweteka: mwini nyumba kuisiya dala kuti iwole, mtenje udonthe, ciswe cilowe, kuti tsiku lina akanene kuti yakhala yoopsa ndipo iyenela kugwetsedwa.

Mmene sementi imaonongela cipupa cakale

Apa tifotokozepo pang'ono, cifukwa ndi pamene anthu a zolinga zabwino amaonongela kwambili. Nyumba zakale zinamangidwa ndi nchelwa zofewa, zolumikizidwa ndi dothi kapena laimu. Cipupa cotele cimamwa cinyontho nthawi ya mvula n'kuciumitsa nthawi ya dzuwa. Tinganene kuti cimapuma. Sementi ndi yolimba ndipo silola madzi kutuluka msanga. Mukamata sementi kunja, cinyontho cocokela pansi cimasowa potulukila. Cimakwela m'mwamba, cimasiya mcele m'nchelwa, ndipo nchelwa zimayamba kufumbutuka kuseli kwa pulasitala. Kunja nyumba ioneka yatsopano, koma mukagogoda mumamva kuti m'kati muli mphako. Penti ya mafuta imacita cimodzimodzi, pamene njeleza ndi laimu zimalola cipupa kuuma.

Khonde nalonso silinali la kukongoletsa cabe. Linali kuchinga cipupa ku mvula ndi dzuwa, ndipo likacotsedwa madzi amamenya nchelwa mwacindunji. Konkile yothilidwa mogundana ndi cipupa imasunga madzi pa maziko. Matailosi olemela oikidwa pa mitanda imene inapangidwila malata amakankhila zipupa kunja. Windo yokulitsidwa popanda mtanda wolimba pamwamba imayambitsa ming'alu. Conco lamulo likamati tifunse coyamba, silikuteteza maonekedwe okha. Likutetezanso anthu amene adzakhala m'nyumbamo pa Sondo.

Njila yopelekela dandaulo

Aliyense angadandaule: woyandikana naye nyumba, membala wa mpingo, mfumu, mphunzitsi, kapena mlendo wodutsa. Koma dandaulo labwino lili ndi dongosolo lake.

Coyamba, funsani mwini nyumba kapena woyang'anila nchito, mwaulemu, ngati ali ndi zilolezo zonse ziwili. Nthawi zambili munthu sadziwa cabe, ndipo mau a mnzake amamupulumutsa. Ngati nyumbayo ndi ya mpingo, nkhani iyambile kwa akulu a mpingo, ndipo ikakanika ipite ku pulezibitale, dayosisi kapena sinodi, kumene nthawi zambili kumakhala mapepala a malo.

Caciwili, lembani zimene mwaona, osati zimene mwamva. Chulani msewu ndi nambala ya puloti, tsiku limene nchito inayamba, ndi cimene cacotsedwa kapena kuonjezedwa. Jambulani zithunzi muli pa msewu, osalowa m'malo a eni popanda cilolezo. Ngati muli ndi cithunzi cakale ca nyumbayo, ngakhale ca pa cikwati kapena pa ubatizo, ciikeni pamodzi.

Cacitatu, pelekani kalatayo ku ofesi ya NHCC ndi ku dipatimenti ya mapulani ya khonsolo yanu, ndipo sungani kope yodindidwa. Bungwe la NHCC lili ndi maofesi ku Lusaka, Livingstone, Kasama ndi Solwezi.

Cacinai, fulumilani. Dandaulo lofika pamene omanga angoimika makwelelo lingapulumutse nyumba. Lofika pamene zitseko zagulitsidwa kale ngati nkhuni limangobweletsa cidani. Madzi akatayika saoleka.

Ticenjezane pa zinthu ziwili. Musachule munthu kuti ndi wophwanya lamulo pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp musanatsimikize, cifukwa mwina ali ndi cilolezo, ndipo kuipitsa dzina la munthu ndi mlandu paokha. Ndiponso dandaulo la nyumba lisakhale cida comenyela nkhondo ina ya mu mpingo, monga ya masankho a akulu kapena ya kusamutsa abusa. A boma amazindikila msanga dandaulo lotele, ndipo nyumba ndi imene imaluza.

Zimene zinacitika kwina

Kuti tione kumene madandaulo otele amafika, titenge zitsanzo ziwili za kunja. Coyamba ndi Stone Town ku Zanzibar, tauni ya nyumba za miyala ya m'nyanja ndi laimu, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa colowa ca dziko lonse mu 2000. Malowa si acilendo kwenikweni kwa ife. M'chalichi cacikulu ca Anglican ca kumeneko, cimene cinayamba kumangidwa mu 1873 pamalo pamene panali msika wa akapolo, muli mtanda wosemedwa ku mtengo wa kwa Chitambo umene pansi pake panakwililidwa mtima wa David Livingstone. Tauniyi ili ndi bungwe lakelake loyang'anila zomanga. Ngakhale n'conco, m'zaka za m'ma 2010 komiti ya UNESCO inadandaula mobwelezabweleza za hotela imene inamangidwa pa nyumba yakale ya Mambo Msiige m'mbali mwa nyanja, ponena kuti nchitoyo inapitilila malile a kukula ndi kutalika amene anagwilizana. Hotelayo ilipo mpaka lelo. Phunzilo n'lakuti nyumba ikatha kumangidwa, ngakhale mau a bungwe la dziko lonse amavutika kuibweza.

Caciwili ndi Carlton Tavern, bala yakale ya ku London yomangidwa ca m'ma 1920. Mu April 2015 eni ake anaigwetsa popanda cilolezo, pa nthawi imene inali pafupi kulembedwa m'kaundula wa nyumba zotetezedwa. Anthu a m'delalo anadandaula mwamphamvu, ndipo khonsolo ya Westminster inalamula kuti imangidwenso mofanana ndendende ndi mmene inalili. Inatsegulidwanso mu April 2021. Zimenezi zinatheka cifukwa akatswili anali atajambula ndi kulemba zonse za nyumbayo isanagwetsedwe. Eni ake analipila kawili, pogwetsa ndi pomanga, ndipo zaka 6 zinapita.

Mbali ya eni nyumba

Sitinganene zoona ngati tibisa kuti eni nyumba nawonso ali ndi madandaulo. Kukonza nyumba yakale m'njila yoyenela kumafuna laimu, matabwa abwino ndi amisili odziwa, ndipo zonsezi sizipezeka mosavuta. Chalichi cimene cinamangidwila anthu 150 sicingakwane mpingo wa anthu 900. Okalamba ndi olemala afunika njila yosalala yolowela, ndipo masitepe akale sanawaganizile. Kuyembekezela yankho la ofesi pamene mvula ili pafupi kumatopetsa.

Palinso funso lozama. Nyumba zina za m'matauni akale zinamangidwa pa nthawi imene makolo athu anali kugulila pa windo, osaloledwa kulowa pa khomo. Ena amafunsa kuti, tizisungilanji zimenezo? Funsoli n'lomveka. Ife tiona kuti nchelwazo zinaumbidwa ndi kuochedwa ndi manja a makolo athu omwewo, matabwawo anacekedwa ndi iwo, ndipo windo ija ikakhalapo, mdzukulu amaona ndi maso ake cimene ufulu wa mu 1964 unathetsa. Ikafafanizidwa, nkhaniyo imasanduka nthano.

Lamulo silinena kuti nyumba yakale isakhudzidwe. Limanena kuti munthu apemphe, afotokoze zimene afuna kucita, ndi kupeleka zojambula zake. Limalolanso nchito yofunika mwamsanga pamene moyo wa anthu uli pa ngozi, monga cipupa cikafuna kugwela anthu. Koma mpata umenewu ndi wa ngozi yeniyeni, ndipo n'canzelu kujambula zithunzi ndi kudziwitsa NHCC nthawi yomweyo. Nthawi zambili njila yapakati imapezeka. Mpingo ungamange chalichi cacikulu pambali n'kusunga cakale kuti cikhale ca Sande Sukulu, ca kwaya kapena ca mapemphelo a m'mawa. Njila ya olemala ingaikidwe pa khomo la m'mbali m'njila yakuti tsiku lina ingacotsedwe popanda kuononga mwala.

Zoyenela kucita komiti isanagule thumba la sementi

1. Dziwani zaka za nyumba. Yang'anani mwala wa maziko, mabuku a ubatizo, maminitsi akale ndi mapepala a malo. Funsani okalamba. Zina zingapezeke ku National Archives of Zambia ku Lusaka ndi ku Livingstone Museum.

2. Lembelani NHCC kufunsa ngati nyumbayo ndi yotetezedwa. Ngati mukukayika za caka, itengeni monga yotetezedwa mpaka mutalandila yankho.

3. Dziwitsani likulu la mpingo wanu. Nthawi zambili malo amalembedwa m'dzina la matrasiti, osati la mpingo wa pamalopo, ndipo iwo ndi amene ayenela kusaina.

4. Jambulani nyumba yonse, kunja ndi m'kati, ndi kupima zipinda nchito isanayambe. Sungani makope m'malo awili.

5. Pezani zilolezo zonse ziwili, zolembedwa, ndipo kope ikhale pamalo a nchito.

6. Lembani m'pangano la womanga zimene sayenela kucotsa. Zitseko, mahinji, nchelwa ndi matabwa ocotsedwa zisungidwe, zisapite ndi womanga.

7. Konzani m'malo mosintha. Windo yowola pansi ifunika thabwa limodzi, osati windo yatsopano. Cotsani zocepa zokha zimene n'zofunikadi.

8. Pokumba maziko, mukapeza manda, mbiya, zitsulo zakale kapena maziko ena, imitsani nchito pamalopo. Lamulo limafuna kuti mudziwitse NHCC pasanathe masiku 14.

9. Caka ciliconse, mvula isanayambe, konzani podontha, yeletsani ngalande, dulani nthambi zogunda mtenje ndi kufufuza njila za ciswe. Nchito yochipa imeneyi ndi imene imapulumutsa nyumba zambili kuposa pulojekiti yaikulu iliyonse.

Tipempha alembi a mipingo kuti awelenge nkhani ino pa msonkhano wotsatila wa komiti ya zomanga, ndi kulemba mndandanda wa nyumba ndi manda onse akale amene ali pa malo a mpingo, ndi zaka zake. Mndandanda umenewu utumizidwe ku likulu la mpingo wanu, ndipo kope itsale mu ofesi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kalata yofunsa imangodya pepala limodzi ndi masabata ocepa oyembekezela, pamene nchito yoyamba popanda cilolezo ingadye copeleka ca zaka zambili, mtendele wa mpingo, ndi nyumba imene tinailandila kwa amene anatitsogolela.